Kakonzedwe ndi Kasungidwe ka Mafuta Ambiri Opangira Sopo

Ngati mumapanga sopo kawirikawiri, ndi bwino kusakaniziratu mafuta okwanira miyezi iwiri kapena itatu. Yambani ndi mafuta olimba monga a kanjedza ndi a kokonati, muwasungunule pamoto wochepa. A kanjedza ndiwo ofunika kusamala nawo kwambiri, chifukwa akamazizira amalekana, olimba n'kutsikira pansi, amadzimadzi n'kuyandama pamwamba, choncho sungunulani chigubu chonse ndi kutakasa bwino musanatungemo, apo ayi sopo wina adzatuluka wolimba, wina wofewa.

Yezani pasikelo, osati ndi botolo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a kokonati imafuna magalamu pafupifupi 183 a kositiki soda (mankhwala osandutsa mafuta kukhala sopo), pamene ya mpendadzuwa imafuna pafupifupi 135 okha. N'chifukwa chake muyenera kulemba pandowa tsiku ndi mulingo wa mafuta alionse amene mwathiramo.

Mukasakaniza mafuta olimba aja ndi amadzimadzi monga a mpendadzuwa, asefeni ndi nsalu yoyera, mudikire azizire pang'ono, kenaka muwathire m'ndowa zouma zapulasitiki zotsekeka bwino. Madzi, dzuwa, mpweya ndi ziwiya zadzimbiri zimawononga mafuta msanga, makamaka a mpendadzuwa. Sungani ndowazo m'chipinda chozizira, muzitakasa nthawi iliyonse musanatunge, ndipo mafuta akayamba kununkha musawagwiritsenso ntchito.