Kukonza Chithunzi cha Phiri kapena Nyanja Kuti Chikope Maso

Foni ikajambula phiri la Mulanje masana, kawirikawiri thambo limatuluka lili mbee pomwe phirilo lada bii. Kamera siitha kugwira kuwala kwa kumwamba ndi mdima wa pansi nthawi imodzi. Choncho ntchito yagona pa kukonza mbali ziwirizi, iliyonse payokha, osati kungothira mitundu. Snapseed, pulogalamu yaulere ya pa foni yokonzera zithunzi, ikukwanirani pa zambiri.

Yambani ndi Rotate. Pa chithunzi cha nyanja, mzere wokumanirana madzi ndi thambo ukapendekeka ngakhale pang'ono, madzi amaoneka ngati akukhuthukira mbali imodzi. Mukawongola, dulani ndi Crop kuti mzerewo usakhale pakati penipeni. Mitambo ikakhala yokongola, ipatseni magawo awiri mwa atatu a chithunzi.

Kenako pitani pa Tune Image. Tsitsani Highlights (malo owala) kufika pakati pa -40 ndi -70 mpaka mitambo ioneke mizere yake, ndipo kwezani Shadows (malo amdima) pakati pa +20 ndi +35. Mukadutsa +50, malo amdima amadzaza timadontho chifukwa kamera sinasunge zambiri pamenepo. Contrast ya +10 kapena +15 ndi yokwanira. Dziwani kuti thambo lomwe linayera kotheratu pojambula silibwerera, limangosanduka lotuwa. Mankhwala ake ali pojambula pomwe: dinani pa thambo, chepetsani kuwala, ndipo ngati foni yanu ili ndi RAW, njira yojambulira yomwe imasunga zambiri za chithunzi, itsegulireni.

Pamene chithunzi chimapezera mphamvu ndi pa Brush. Sankhani Dodge & Burn, ikani pa -5 kuti mudetse, ndipo pakani ndi chala pamwamba pa thambo, pansi pa mitambo ndi m'makona. Sinthani pa +5 kuti muwalitse, pakani pokhapo pomwe dzuwa linagunda kale: thanthwe, nsonga ya phiri, bwato, kanjira kodutsa m'munda wa tiyi. Diso limathamangira powala, ndiye mukuliuza koyang'ana. Kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri kuti burashi ichepe, makamaka m'mphepete mwa phiri. Osapaka kuwala mbali yomwe kunali mthunzi, aliyense amaona kuti ndi bodza ngakhale sangafotokoze chifukwa chake.

M'miyezi ya September ndi October, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri. Apa Dehaze, yochotsera utsi ya mu Lightroom (pulogalamu ina yokonzera zithunzi), imathandiza, pakati pa +15 ndi +25. Ikachuluka, mithunzi imasanduka yabuluu, ndiye kwezani Temp pang'ono kuti ubuluuwo uchepe. Utsi wina usiyeni pa mapiri akutali, ndi umene umaonetsa mtunda.

Chenjerani ndi Structure ndi HDR Scape za mu Snapseed. Zikapyola, mzere woyera umazungulira phiri pomwe lakumana ndi thambo. Kulitsani pamenepo muone, ukapezeka bwererani m'mbuyo. Saturation, yowonjezera mphamvu ya mitundu, nayo ndi msampha. Tiyi wa ku Thyolo ndi wobiriwira kale, mukawonjezera amaoneka ngati wapulasitiki. Pa Color Mix ya Lightroom sankhani mtundu wobiriwira wokha, mutsitse Saturation yake kufika pa -10.

Posunga, pangani kope kuti choyambirira chikhalepo. WhatsApp imafinya zithunzi mpaka thambo kuoneka mizeremizere, choncho tumizani ngati Document.