Mmene mungazindikirire ndi kuteteza zomera za milkweed m'madambo a Harare

Ku America, m'zigwa za udzu za ku Kansas, Missouri, Iowa ndi Illinois, kuli chomera chotchedwa Asclepias meadii chimene boma linachiika pa mndandanda wa zomera zomwe zili pangozi m'chaka cha 1988. Chomerachi chimatha zaka 15 kapena kuposerapo chisanachite maluwa, ndipo chinachepa chifukwa anthu analima zigwazo, pamene zotsala ankamweta udzu wake njere zisanakhwime. Abale ake a banja la Apocynaceae, amene pa Chingerezi amatchedwanso milkweed ngati chomerachi chifukwa cha utomoni wawo woyera ngati mkaka, amamera m'madambo a Harare muno, monga ku Monavale ndi ku Cleveland Dam, malo amene analembedwa pa mgwirizano wa Ramsar, wa maiko pa zoteteza madambo, mu 2013. Khasu ndi chikwakwa zimene zinasautsa chomera cha ku America zija zilinso kuno, pamodzi ndi moto wolusa.

Kafufuzeni m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala, pamene zomerazi zaphuka ndipo udzu sunatalike. Yang'anani masamba poyamba, chifukwa nthawi zambiri amamera awiriawiri mopenyana pa tsinde. Mukathyola kansonga ka tsamba limodzi, pamatuluka utomoni woyera mbee. Utomoniwu ndi wa poizoni, choncho musaukhudzitse m'maso, ndipo musambe m'manja mukamaliza. Maluwa amakhala ang'onoang'ono, ambiri pa phata limodzi, ndipo mukaliyandikira limodzi mudzaona timasamba tisanu tozungulira kachisoti ka zigawo zisanu pakati pake.

Mtundu wosavuta kuuona ndi Gomphocarpus fruticosus, wa masamba aatali owonda ndi maluwa oyererako ozyolika. Chipatso chake ndi chofufuma, chosongoka kumapeto, chokhala ndi timinga tofewa, ndipo chikauma chimang'ambika n'kutulutsa njere zoderako za ulusi ngati wa thonje, zimene mphepo imaziulutsa. Xysmalobium undulatum, wa masamba aakulu opindikapindika m'mphepete, amakonda malo a chinyontho ndipo amakumbidwa chifukwa cha muzu wake wa mankhwala. Musasokoneze zimenezi ndi Asclepias curassavica, wa maluwa ofiira ndi achikasu wobzalidwa m'makomo, amene kwawo ndi ku America. Mukaona mbozi za mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu zikudya masamba, musaziphe, pakuti ndi ana a gulugufe wotchedwa Danaus chrysippus, amene amadalira zomera zimenezi.

Mukapeza chomera chimene simukuchidziwa, musachizule kuti mukachionetse kwa akatswiri. Jambulani ndi foni tsinde lonse, tsamba, duwa ndi chipatso, lembani tsiku ndi malo, kenako mupite nazo zithunzizo ku National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera, ku Alexandra Park mu Harare momwemuno. Malo enieni musawalengeze pa Facebook, chifukwa okumba mizu nawonso amawerenga.

Ntchito yaikulu ndi kupatsa chomeracho nthawi yobereka. Khomani zikhomo mozungulira, ndipo mukambirane ndi omweta udzu wofolerera kuti pamenepo adikire kufikira zipatso zitang'ambika zokha. Chisanafike chilimwe, lambulani mkuzi kuti moto wolusa wa mu Seputembala ndi Okutobala usadutsepo chaka chilichonse. Mizu ya mitundu ina imapirira moto wa apo ndi apo, koma siipirira khasu.

Apa m'pamene pali nkhani yovuta, chifukwa ambiri mwa ife a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa timalima chimanga ndi mbatata m'madambo kuti ana adye, ndipo munthu wa njala sangomuuza kuti asiye munda. Komabe malamulo a dziko lino saloleza kulima m'dambo popanda chilolezo cha Environmental Management Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo madambo omwewa ndiwo amasunga madzi otsikira ku Lake Chivero, kumene mzinda umamwa. Pitani kwa mwini munda mwaulemu, mumuonetse chomeracho, ndipo mumupemphe kuti asiye kachigawo kosalima pamene chamera.

Ngati mukufuna kufesa, tengani njere zochepa pa zomera zingapo zotalikirana, osati pa chimodzi, muzisunge m'pepala pamalo ouma, ndipo muzifese m'dambo lomwelo mvula yoyamba ikagwa.