Kompyuta yakale ija isandutseni rauta ndi firewall ya Linux

Kompyuta imene inasiya kugwiritsidwa ntchito itha kukhala rauta (chipangizo chogawa intaneti ku makina angapo) bwinobwino bola ikhale ndi makhadi a netiweki awiri, ngati lilipo limodzi onjezerani ka USB Ethernet. Ikanimo Debian (mtundu wina wa Linux), desktop isiyeni, command line yokha, polembera malamulo, ikwanira.

Mukayatsa lembani ip link muone mayina a makhadiwo, amabwera ngati enp1s0 ndi enp2s0. Loyambalo lipite ku modemu komwe kukuchokera intaneti, linalo ndi la netiweki ya mkati, lipatseni adilesi yosasintha ngati 192.168.10.1/24 mu /etc/network/interfaces. Manambalawa asafanane ndi omwe modemu ikugawa, zimasokonezana.

Linux payokha sidutsitsa mapaketi a data kuchoka khadi lina kupita linzake, ndiye pangani fayilo /etc/sysctl.d/99-rauta.conf mulembemo net.ipv4.ip_forward=1 kenako sysctl --system.

Pa firewall, imene imasankha zololedwa kulowa ndi kudutsa, ndiye dekhani. Kuyambira Debian 10 mu 2019 pulogalamu ya firewall ya nftables ndi imene inalowa m'malo mwa iptables, malamulo amakhala mu /etc/nftables.conf. Ine ndimati yambani mwatseka zonse, chain (mndandanda wa malamulo) ya input, ya zobwera ku rautayo, ndi ya forward, ya zongodutsa, zikhale policy drop, kutanthauza kutaya chilichonse chimene simunachilole, kenako muzitsegula chimodzichimodzi zokhazo mukuzidziwa, chifukwa mukatsegula zonse nkumatseka zomwe mukuziopa ndiye kuti zomwe simunaziganizire zilowa mwaufulu. Mzere woyamba mu ma chain onse awiri ukhale ct state established,related accept kuti mayankho a zomwe mwapempha azibwerera, popanda umenewu palibe tsamba lingatseguke. Mu input lolani lo (kompyuta kulankhula ndi iyo yokha), lolaninso port 53 (ya DNS, yosintha mayina a masamba kukhala ma adilesi) ndi 67 (yogawira ma adilesi) kuchokera mkati, SSH (yolowera mu rautayo muli pa kompyuta ina) pa 22 nayonso mkati mokha, chonde osaiyang'anitsa ku intaneti, ma bot amayesa mapasiwedi usiku ndi usana. Mu forward lembani iifname "enp2s0" oifname "enp1s0" accept. Kenako table ya nat, chain ya postrouting, oifname "enp1s0" masquerade, makina onse a mkati azituluka ndi adilesi imodzi.

Musanayatse malamulowa yesani kaye ndi nft -c -f /etc/nftables.conf, ndipo monita ndi kiyibodi zikhale pafupi poti lamulo limodzi lolakwika litha kukutsekerani panja pa SSH. Zikayenda, systemctl enable --now nftables.

Chatsala ndi kugawa ma adilesi. Ikani pulogalamu ya dnsmasq, imene imagawa ma adilesi ndi kuyankha za DNS, mu /etc/dnsmasq.conf lembani interface=enp2s0 ndi dhcp-range=192.168.10.50,192.168.10.200,12h, iyambitseninso. Lumikizani laputopu kudzera pa switch, ikalandira adilesi yesani ping 1.1.1.1, ikayankha koma masamba osatseguka vuto lili pa DNS, onaninso port 53.