Masamba onunkhira posunga zokolola: mphamvu yake ndi pamene imathera

Kuno ku Mzuzu mbewu siziuma msanga. Mvula imachedwa kuleka, ndipo ikangoleka kumabwera kuzizira, nkhungu ndi kamvula kowaza ka mu June ndi July. Mlimi wa nyemba kapena mtedza amayamba kulimbana ndi chuku nankafumbwe asanafike n'komwe. Pachifukwa ichi alimi ambiri akhala akufunsa ngati n'zoona kuti lemongrass, bulugamu ndi mpungabwi zimateteza zokolola. Mphamvuyo ilipo ndithu, alimi anzanga, koma ndi mphamvu yothandizira chabe, ndipo imagwira ntchito pa mbewu yomwe mwaumitsa kale bwino.

Tengani tsamba la bulugamu kapena la mandimu, mulipenye moyang'anitsa kudzuwa. Muona timadontho tambirimbiri towala. M'menemo ndi momwe mumakhala mafuta amene amatulutsa fungo lija. Si mafuta ngati ophikira. Awa amauluka: mukadontheza pang'ono papepala, pakapita nthawi pamauma osasiya banga, pamene mafuta a mpendadzuwa amasiya banga lokhalitsa. Chomera chimapanga mafutawa podziteteza ku tizilombo ndi matenda. Mu lemongrass, udzu uja timathira m'tiyi, chinthu chachikulu m'mafutawo chimatchedwa citral. Mu mitundu yambiri ya bulugamu muli cineole, m'makoko a malalanje ndi manachesi muli limonene, ndipo mu clove, chonunkhiritsa zakudya china, muli eugenol, yemwe madokotala a mano akhala akumugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Ngakhale vetiva amene timabzala m'mizere yoteteza nthaka ali ndi mafuta ake m'mizu, omwe amapangira mafuta onunkhiritsa thupi.

Bakiteriya ndi chuku zimakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kokhala ndi mafuta. Mafuta onunkhirawa amalowerera m'kakhunguko n'kukafooketsa, kenako zam'kati mwa kachilombo zimayamba kutayikira kunja, kachilomboko n'kusiya kuswana kapena kufa. Mabakiteriya ena, monga E. coli ndi Salmonella, ali ndi chikopa chachiwiri kunja kwake, choncho amapirira kuposa ena. Ntchito ina ya mafutawa ndi kuchedwetsa kuwonongeka kwa zakudya zamafuta. Nsinjiro, chiponde ndi usipa wouma zikakhala pamphepo ndi padzuwa nthawi yaitali, mpweya umawononga mafuta ake, zimayamba kununkha ndi kukereketsa kukhosi. Eugenol wa mu clove ndi thymol wa mu thyme, timasamba tonunkhiritsa zakudya, zimachedwetsa zimenezi kwambiri. Lemongrass ndi bulugamu sizili ndi mphamvu yofanana pa mbali imeneyi, ngakhale fungo lake ndi lamphamvu. Kununkhira kwambiri si umboni woti tsamba lingachite chilichonse.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna mumvetsetse. Zambiri zimene mumamva zoti mafuta akutiakuti amapha majeremusi zimachokera m'malabotale, kumene mafuta enienieni amadonthezedwa pa tizilombo tili m'kambale. Mu chakudya zinthu zimasintha. Mafuta ndi mapuloteni a m'chakudyacho amameza gawo la mphamvuyo, moti kuti zifanane ndi za mu labotale mungafunike kuthira ochuluka mpaka chakudya chosadyeka. Komanso m'tsamba mafuta ndi ochepa zedi. Pa makilogalamu 100 a lemongrass wamuwisi, mafuta otuluka kawirikawiri safika lita imodzi. Masamba odzaza manja awiri m'thumba la makilogalamu 50 angathandize kuti tizilombo tisafulumire kulowa, koma sangapulumutse nyemba zonyowa.

Ndiye yambani ndi kuumitsa. Chimanga chifike pa chinyezi cha 13 peresenti kapena kutsika, mtedza pafupifupi 7 peresenti. Ngati mulibe chipangizo choyezera, thirani mbewu pang'ono m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, mutseke, mukhutchumule, kenako mulisiye kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti mbewu isanaume. Yanikani pamphasa, palona kapena pathandala, osati padothi, ndipo madzulo muzilowetsa chifukwa mame a kuno amabwezeretsa chinyezi chomwe dzuwa lachotsa tsiku lonse. Sankhani n'kuchotsa njere zosweka, zofota ndi zosintha mtundu.

Masambawo nawonso amafuna chisamaliro, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mphamvu yonse. Thyolani m'mawa mame atauma, dzuwa lisanatenthe. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo, monga pakhonde kapena pansi pa denga, mutawayala mopyapyala ndi kuwatembenuza tsiku ndi tsiku. Mukawayanika padzuwa lamphamvu, mafuta amauluka, mumatsala ndi zinyalala. Aume mpaka azithetheka mukawafinya. Tsamba losauma mukaliika m'thumba ndiye kuti mwalowetsamo madzi ndi manja anu, ndipo chuku chidzayambira pomwepo. Musawasinje pasadakhale, sungani athunthu m'chitini chotseka bwino, mudzawafikise tsiku lomwe mukuwathira. Poika m'thumba, yalani masamba pansi, thirani mbewu, yalaninso masamba, mpaka pamwamba. Pakatha milungu ingapo nunkhizani. Fungo likazilala, mphamvu yatha, sinthani masamba.

Ine ndimalangiza kuti bulugamu muzimugwiritsa ntchito pa mbewu yodzabzala, kapena kuyala pansi ndi m'mbali mwa chipinda chosungiramo, chifukwa fungo lake limalowa m'chakudya. Lemongrass ndi makoko ouma a malalanje ndiye zoyenera pa nyemba zodya. Amene muli ndi matumba osalowa mpweya, monga a PICS, simukufunika masamba m'katimo; kusowa kwa mpweyako ndiko kumapha tizilombo, bola thumba lisabooke ndipo musamalitsegule pafupipafupi.

Chenjezo lalikulu ndi la mtedza ndi chimanga zomwe zachita kale chuku. Chuku cha mtundu wa Aspergillus chimasiya poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi komanso amakhudza kakulidwe ka ana. Palibe tsamba kapena mafuta onunkhira amene angamuchotse, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumutha. Kubisa fungo la chuku ndi zonunkhira n'kupangira chiponde chogulitsa ndi kuika miyoyo ya ana a anzathu pachiswe. Mbewu zachukuzi musapatsenso nkhuku kapena ng'ombe zamkaka, chifukwa poizoniyo amadutsa mpaka mu mkaka.

Mafuta enienieni a m'timabotolo, amene ayamba kupezeka m'masitolo ndi pa Facebook, ndi nkhani ina. Musamwe. Mafuta a bulugamu odzaza kasupuni kakang'ono akhoza kukomola mwana kapena kumuchititsa khunyu, choncho asungidwe patali ngati mankhwala a mbewu. Pakhungu amawotcha akapanda kusungunulidwa m'mafuta ena. Tiyi wa lemongrass imwani monga mwa nthawi zonse, koma chilonda chotukusira, kutsekula m'mimba kwa mwana ndi chifuwa chosatha n'zopita nazo kuchipatala. Chiweto chodwala muitanireni mlangizi wa ziweto.

Magulu amene akuganiza zopanga mafutawa kuti azigulitsa adziwe kuti amatengedwa ndi nthunzi: masamba amaikidwa pamwamba pa madzi owira m'chiwiya chotseka, nthunzi imanyamula mafuta kudzera m'paipi yoziziritsidwa ndi madzi, kenako mafuta amayandama pamwamba n'kuwengedwa. Pamafunika nkhuni zambiri ndi masamba ambiri, ndiye werengerani bwino musanagule zipangizo. Mafutawo amasungidwa m'mabotolo agalasi akuda, pakuti kuwala kumawawononga ndipo amasungunula mapulasitiki ena. Musanaike pamsika, kambiranani ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndipo musalembe pabotolo kuti amachiza matenda.

Kwa banja wamba, mapando angapo a lemongrass m'mbali mwa dimba ndi okwanira. Bzalani tizigawo ta phando mvula ikakhazikika, motalikirana pafupifupi masentimita 60. Kudula koyamba kumachitika pakatha miyezi 4 mpaka 6, kenako pafupifupi miyezi itatu iliyonse, ndipo muzisiya chitsa cha masentimita 10 mpaka 15 kuti aphukenso. M'miyezi yozizira amakula pang'onopang'ono, choncho dulani ndi kuumitsa okwanira kumapeto kwa dzinja kuti akhale okonzeka nyemba zikamalowa m'matumba.