Momwe Wachinyamata Angakwerere pa Masewero a Tenisi

Wachinyamata amene akufuna kuti tenisi ikhale ntchito yake ayambe ndi mipikisano ya achinyamata ya bungwe loyendetsa tenisi padziko lonse la ITF, yomwe imalandira osewera a zaka 13 mpaka 18. Akakhwima, alowe mipikisano ing'onoing'ono ya akuluakulu, kenako yokulirapo ya ATP Challenger (ya amuna) kapena WTA 125 (ya akazi), chifukwa mapointi a kumeneko ndi omwe amamuyenereza kusewera mipikisano ikuluikulu. Apa m'pamene ambiri amagwa mphwayi, popeza ndalama za mphotho kawirikawiri sizikwanira ulendo, malo ogona ndi malipiro a mphunzitsi. Choncho asankhe mipikisano yoyandikana. Asakakamire kusewera sabata iliyonse, chifukwa phewa ndi chigongono sizichedwa kuvulala. Katswiri wa tenisi wa ku Spain, Carlos Alcaraz, anadzera mu Challenger asanapambane mpikisano waukulu wa US Open mu 2022 ali ndi zaka 19.