Nsato yaikira mazira: muchite izi

Mwafunsa kuti nsato yanu, ya mtundu wa ball python, yaikira mazira kuno ku Mangochi, ndiye mutani. Ndikukhulupirira kuti chilolezo cha ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife muli nacho kale. Nsato ya m'tchire musaigwire.

Yambani ndi bokosi la pulasitiki lokhala ndi chivindikiro. M'bokosimo sakanizani vermiculite (timiyala topepuka tosunga chinyezi) ndi madzi olemera mofanana, kuti mukafinya m'dzanja ziumbike koma osadontha.

Kenako mchotseni mayiyo mofatsa, chifukwa amakhala atazinga mazira ake. Apa ndiye pofunika mtima pansi. Lembani kachizindikiro ndi pensulo pamwamba pa dzira lililonse, mulikhazike m'bokosimo monga munalipezera. Si mazira a nkhuku awa. Mukalitembenuza, mwana wa m'katimo akhoza kufa. Mazira omwe amatirirana asiyeni choncho, musawalekanitse.

Kutentha kukhale madigiri 31 mpaka 32. Kuno kunyanja chondidetsa nkhawa si kuzizira, koma dzuwa la Okutobala ndi Novembala, makamaka m'nyumba ya malata. Bokosi likhale pamthunzi, themomita ili m'kati, ndipo muziyang'ana masana aliwonse. Vindukulani kamodzi pa sabata kuti mulowe mpweya, ndipo madzi asadonthere pa mazira.

Pakatha masiku 55 mpaka 60, ana amang'amba chikhungwa okha. Musawakoke, amatha kukhalamo tsiku limodzi kapena awiri. Akafundula koyamba ndi pamene muwapatse kambewa kakang'ono.