Kutsatira phungu wanu ndi kope ndi wailesi

Ine ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, koma aphungu akakumana ku Lilongwe, kawailesi kanga kamakhala pamwamba pa thumba. Inunso yambani choncho. Gulani kope, muzilemba tsiku, bilu imene ikukambidwa ndi zimene phungu wanu wanena. Akakhala duu, lembaninso.

Povota nthawi zambiri amangoyankhira pamodzi, ndiye khutu lokha silikwanira. Zolankhula zonse zimalembedwa m'buku la Nyumba ya Malamulo lotchedwa Hansard. Tumani mwana wodziwa Chingerezi ndi intaneti akufufuzireni dzina la bwanawo. Za ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, zija amati CDF, kafunseni ku khonsolo ya boma lanu (ife kwathu ndi ku Ntcheu), lamulo la 2017 lopezera uthenga likukulolani.

Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko lino, lomwe linkatipatsa mphamvu yochotsa phungu, analifafaniza mu 1995, choncho kopelo lisungeni mpaka chisankho. Langa ndimalikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula.